Funsani za Malamulo: Masiku 7 okasumira zotsatira za ukhansala

Makalata a ulendo uno achokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi: munthu akaona kuti zotsatira za chisankho cha khansala sizinayende bwino, ali ndi nthawi yotalika bwanji yokadandaula, nanga akadandaule kuti? Ena mwa olemba tidawayankha kale pa foni chifukwa nkhani yawo sikadadikira tsiku losindikiza magazini. Tayika pano mayankhowo kuti athandize ena pa zisankho zapadera ndi zikuluzikulu zikubwerazi.

Akuluakulu, mchimwene wanga anayima payekha pa ukhansala mu wodi ina kuno ku Thekerani. Usiku wowerenga mavoti mamonitala ake anabwera ndi manambala osonyeza kuti wapambana pang'ono, koma pa wailesi anatchula munthu wina. Ena akuti tili ndi mwezi wathunthu wokasuma, ena akuti masiku 21. Zoona ndi ziti?
*Mlongo wodandaula, Thekerani*

Mayi, onse awiriwo akukusokeretsani. Masiku ake ndi 7 basi. Lamulo loyendetsera zisankho za pulezidenti, aphungu ndi makhansala la 2023, lomwe lidaphatikiza malamulo awiri akale, limati wotsutsa zotsatira akapereke chikalata chake ku Bwalo Lalikulu la Milandu pasanathe masiku 7 kuchokera pomwe zotsatirazo zalengezedwa. Chikalatacho aloya amachitcha petition. Ndipo lamulolo lidachita kulemba poyera kuti Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma akuwerengedwa m'kati mwa 7 yomweyo.

Komwe kwachokera 21 tikukudziwa. Amenewo ndi masiku omwe bungwe loyendetsa zisankho la MEC limapatsidwa kuti lilengeze zotsatira za makhansala kuchokera tsiku lovota. Za pulezidenti ndi masiku 8, za aphungu 14, za makhansala 21. Ndi malire a MEC amenewo, si a mchimwene wanu.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi poyambira kuwerenga. Sitiyambira tsiku lovota. Sitiyambira usiku womwe mamonitala adabwera ndi manambala, kapena pomwe pepala lidamatidwa pa senta, ngakhale pomwe anthu adayamba kuvina pa msika. Zonsezo ndi zotsatira zongoyembekezera. Wotchi imayamba MEC ikalengeza mwalamulo kuti wakutiwakuti ndiye khansala wa wodi yakuti. Choncho lembani tsikulo, ndipo ngati mungathe sungani chikalata cha MEC cholengezera, chomwe amachiika pa tsamba lawo la Facebook ndi m'nyuzipepala.

Mwachizolowezi cha malamulo athu, tsiku lolengezeralo siliwerengedwa. Akalengeza Lolemba, Lachiwiri ndi tsiku loyamba, Lolemba linalo ndi la nambala 7. Vuto limabwera akalengeza Loweruka kapena Lamulungu, chifukwa tsiku lomaliza limagweranso kumapeto a sabata pomwe ofesi yolandira zikalata ku khoti ndi yotseka. Pa milandu ina tsiku lotero limasunthira Lolemba, koma pa lamulo lomwe latchula Loweruka ndi Lamulungu ndi mayina awo, musaikepo khosi lanu. Tengani Lachisanu ngati tsiku lomaliza, ndipo mukhale mutafika m'mawa. Onaninso kalendala: zotsatira za makhansala pa chisankho cha mu September zitha kutuluka mu October, ndipo pa 15 October ndi tchuthi cha anakubala.

Maganizo athu ndi akuti masiku enieni ogwira ntchito ndi anayi. Loyamba mupeze loya ndi kusonkhanitsa mapepala, lachiwiri ndi lachitatu alembe ndi kulumbiritsa mboni, lachinayi akapereke. Otsalawo ndi okonzera zolakwika, monga kalaliki akabweza chikalata chifukwa chosowa siginecha kapena lisiti. Mu 2019 zotsatira za pulezidenti zidalengezedwa Lolemba pa 27 May, ndipo a Saulos Chilima adakapereka zikalata zawo Lachisanu pa 31 May. Anthu okhala ndi magulu a aloya sadadikire tsiku lomaliza, nanji inu oyamba kaye ulendo wa ku Thekerani, wodzera Makwasa mpaka pa boma, musanaone n'komwe msewu wa ku Limbe. Kale zidali zothina kuposa apa: lamulo lakale la chisankho cha pulezidenti ndi aphungu linkangopereka maola 48.

Ndinali monitala wamkulu wa kandideti wathu. Tinalemba kalata yodandaula n'kuipereka kwa mkulu wa ku malo ophatikizira mavoti, anaidinda, kope tili nalo. Pano zotsatira zalengezedwa koma yankho silinabwere. Tidikire kaye yankho la MEC tisanapite ku khoti?
*Monitala, Limbuli*

Musadikire, bambo. Mwachita bwino kwambiri kulemba ndi kusunga kope lodinda, koma kalatayo siyiyimitsa wotchi.

Njira zake ndi ziwiri ndipo anthu amazisakaniza. Yoyamba ndi yodandaula ku MEC. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa MEC mphamvu zomva ndi kugamula madandaulo a chisankho, ndipo yemwe sadakhutire ndi chigamulo chake ali ndi ufulu wokachita apilo ku Bwalo Lalikulu. Dandaulo limayambira pansi, pa senta kapena pa malo ophatikizira, ndipo likalephera kutha pamenepo limakwera ku likulu. Koma apilo imafuna kuti pakhale chigamulo choti muchitsutse. MEC ikangokhala chete, mulibe chomwe mungachitire apilo.

Yachiwiri ndi ija tafotokoza pamwambapa, yopita molunjika ku Bwalo Lalikulu pasanathe masiku 7. Imeneyi siyifuna kuti MEC iyambe yakuyankhani. Ndiye ngati zotsatira zatuluka ndipo yankho kulibe, pitani ndi njira yachiwiriyi, ndipo kope la kalata yanu lija likakhale umboni woti mudadandaula nthawi yake koma simudamvedwe. Zimenezo zimakulimbitsani pamaso pa woweruza. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena yankho limadzawapeza tsiku la nambala 10, lili ndi mizere itatu yokana, khomo la petition litatsekeka kale.

Loya wanu alembe momveka pamwamba pa chikalata kuti wabwera pa njira iti. Chikalata chosakaniza apilo ndi petition chimapatsa mbali inayo poyambira, ndipo mutha kutha miyezi mukukangana za khomo lomwe mudalowera, nkhani ya mavoti isanakhudzidwe.

Kodi sitingakasume kwa majisitireti pa boma pompano? Ku Blantyre ndi kutali ndipo thiransipoti yakwera.
*Wowerenga, Chitakale*

Ayi. Majisitireti wa pa Mulanje kapena pa Thyolo alibe mphamvu pa mlandu wotsutsa zotsatira. Ndi Bwalo Lalikulu lokha, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Kwa inu lapafupi ndi la pa Chichiri. Kwerani ya Midima. Chikalata chosiyidwa pa khoti lolakwika, kwa DC kapena ku polisi chimatengedwa ngati sichidaperekedwe.

Pomwe majisitireti angakuthandizeni ndi polumbiritsa mboni. Loya atha kulemba maumboni ku Blantyre, kukutumizirani, inu n'kusindikiza pa Chitakale, mboni n'kukalumbira pa boma. Mukatero simunyamula mamonitala 15 pa minibasi. Amapita munthu mmodzi ndi mapepala.

Ife anthu a m'mudzi mwathu sitikugwirizana ndi zotsatira, koma amene tinamuvotera akuti watopa, alibe ndalama. Tingasonkherane n'kukasuma ife ovota?
*Mlembi wa komiti ya chitukuko, Bvumbwe*

Pa njira ya masiku 7 dzina lolembedwa pa chikalata liyenera kukhala la munthu yemwe adapikisana nawo, kapena yemwe akunena kuti adali ndi ufulu wosankhidwa pa chisankhocho. Gulu la ovota, komiti, mpingo kapena amfumu sangayime m'malo mwake. Osumiridwa ndi yemwe adalengezedwa kuti wapambana pamodzi ndi MEC, ndipo MEC siyenera kusiyidwa kunja.

Kusonkherana sikoletsedwa. Mutha kumulipirira loya, kumupezera mboni, kumuperekeza. Koma muyambe mwamuuza chilungamo: mlandu ukagwa, khoti litha kulamula kuti wosuma abweze ndalama zomwe mbali inayo yawononga, ndipo ngongoleyo idzalondola dzina lake, osati la komiti. Ngati mtima wake sulipo, musamukankhe.

Tili ndi zithunzi zambiri pa WhatsApp, mavidiyo a anthu akukuwa pa senta, komanso aliyense kuno akudziwa kuti anabera. Kodi zimenezi sizikwanira? Loya akufuna chiyani kwenikweni?
*Mkulu wa kampeni, Luchenza*

"Aliyense akudziwa" si mboni, bambo. Woweruza amafunsa zinthu zinayi: pa senta iti, nthawi yanji, adachita ndani, adaona ndani ndi maso ake. Ndipo masiku 7 ndi ochepa kusaka umboni womwe simudausunge usiku wowerenga. Mlandu wa chisankho umamangidwa pa senta pomwepo, nyali zikuyaka.

Choyamba chomwe loya adzafune ndi makope a mapepala a zotsatira a senta iliyonse, aja amasainidwa ndi mkulu wa senta ndi mamonitala. Wodi ya masenta 12 ikufuna mapepala a masenta onse 12, ndipo senta ya mizere ingapo yovotera ili ndi pepala la mzere uliwonse. Kenako pepala la ku malo ophatikizira mavoti. Ntchito ndi kuyala ziwirizi pa tebulo limodzi n'kuona ngati nambala ya pa senta ndi yomwe idafika kophatikizira. Kusintha kwambiri kumachitikira pakati pamenepa: 187 kusanduka 87, manambala a anthu awiri kusinthana mizere, senta ina kuwerengedwa kawiri.

Chachiwiri, masamu a pepala lililonse palokha. Tiyerekeze senta idalandira mapepala ovotera 600. Osagwiritsidwa ntchito ndi 180, owonongeka asanalowe m'bokosi ndi 4. M'bokosi muyenera kutuluka 416. Mukaphatikiza mavoti a opikisana onse ndi aja adakanidwa powerenga, muyenera kupeza 416 yomweyo. Mukapeza 431, pali mavoti 15 opanda kochokera. Onaninso ngati ovota sadapose chiwerengero cha olembetsa pa sentayo. Mphunzitsi wa masamu wa pa sekondale atha kuchita izi madzulo amodzi, ndipo mumupulumutsira loya tsiku lathunthu.

Ndiye yerekezani zomwe mwapeza ndi kusiyana kwa mavoti pakati pa wopambana ndi munthu wanu. Khansala amapambana ndi mavoti ochuluka chabe, lamulo la 50+1 ndi la pulezidenti yekha, choncho kusiyana kumatha kukhala kwa mavoti 9 kapena 20. Mavoti 15 opanda kochokera mu wodi yomwe adasiyana ndi 9 ndi nkhani yaikulu. Omwewo mu wodi yomwe adasiyana ndi 1,400 ndi nkhani yovuta kuyendetsa, pokhapokha mutasonyeza kuti kuphwanya lamulo kudali kofala moti chisankho chonsecho sichingadaliridwe. Mfundo yachiwiriyi idalimba ndi chigamulo cha pa 3 February 2020, pomwe oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019, ndipo Supreme Court idagwirizana nawo pa 8 May 2020. Makhotiwo adati sitiyang'ana manambala okha, tiyang'ananso ngati ndondomeko ya lamulo idatsatidwa, komanso kuti wosuma akaonetsa umboni womveka, udindo umagwera MEC kuti ifotokoze. Koma kumbukirani chomwe chidanyamula mlandu uja: mapepala ofufutidwa ndi Tippex, mapepala obwereza m'malo mwa enieni, mapepala opanda siginecha. Zidali zinthu zoti woweruza agwire ndi manja.

Chachitatu, maumboni olumbirira a mamonitala. Aliyense anene za senta yake yokha. Monitala wa pa Chonde asalumbire za zomwe adamva kuti zidachitika pa senta ina. Loya wa mbali inayo adzamung'amba ndi funso limodzi, ndipo bodza la mmodzi limadetsa mboni zonse.

Zithunzi zili ndi ntchito, makamaka chithunzi cha pepala la zotsatira chojambulidwa pa senta pomwepo. Koma chikhale cha m'foni yomwe idajambula, ndipo mwini foniyo alumbire kuti adajambula yekha, liti ndi kuti. Chithunzi chomwe chadutsa m'magulu asanu a WhatsApp chimakhala chitafufutika, tsiku lake litatayika, ndipo palibe angavomere kuti ndi chake. Foniyo isagulitsidwe, isafufutidwe. Vidiyo ya anthu akukuwa imangosonyeza kuti anthu adakuwa.

Pali zolakwika zomwe zimabwerezedwa chisankho chilichonse. Masenta amatseka 4 koloko madzulo, kuwerenga kumalowa usiku, ndipo monitala yemwe sadapatsidwe chakudya kapena ndalama yake amachoka mabokosi a makhansala asanatsegulidwe. Wina amasainiratu pepala lisanalembedwe kuti apite msanga. Wina amakana kusaina koma osalemba chifukwa chake, osadziwa kuti kukana kokha sikuletsa zotsatira. Lamulo limalola monitala, ngakhale wovota wamba, kupereka dandaulo lolemba pa senta, ndipo ogwira ntchito pa sentayo saloledwa kulikana. Ayenera kulilandira, kulisaina ndi kuliphatikiza ku zolemba za senta. Monitala aliyense anyamule kope, bolopeni ziwiri ndi tochi, alembe dandaulo kawiri, limodzi asiye, linalo amusainire abwere nalo. Siginecha ya monitala wanu pansi pa manambala omwe mukuwatsutsa, popanda dandaulo lililonse la usiku umenewo, ndi chinthu choyamba chomwe loya wa MEC adzakweze m'mwamba.

Zotsatira zinatuluka masiku 12 apitawo. Achipani anatiuza kuti tidikire, akambirana kaye ku komiti ya zipani kwa DC. Kenako kunagwa maliro. Kodi khoti silingamvetse n'kutiwonjezera masiku?
*Woyima nawo, dera la Mfumu Mabuka*

Pepani ndi maliro, bambo, komanso pepani kuti yankho lathu silokoma. Masiku 7 adaikidwa ndi Nyumba ya Malamulo m'lamulo lenilenilo, sali m'ndondomeko za khoti zomwe woweruza amatha kufewetsa akamva chifukwa chomveka. Chikalata chochedwa chimakanidwa pakhomo, umboni wake usanatsegulidwe, ngakhale utakhala wolimba chotani. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo apa zengerezuyo adali wa chipani chanu.

Komiti ya zipani ija, MPLC, ndi yothandiza pa mikangano ya malo a misonkhano, kuzulirana mbendera ndi ziwawa. Ilibe mphamvu yosintha zotsatira, ndipo kukhala kwake sikuyimitsa tsiku ndi limodzi lomwe. N'chimodzimodzi zokambirana za kwa amfumu, za atsogoleri a mipingo, kapena lonjezo la akuluakulu a chipani loti "aloya athu akubwera". Aloya a chipani amayamba ndi mpando wa pulezidenti, kenako aphungu. Wa khansala amakhala kumapeto kwa mzere. Kukambirana ndi kusuma zitha kuyendera limodzi, ndipo mlandu mutha kuuchotsa mukagwirizana.

Zotsala ndi ziti? Ngati mudapereka dandaulo lolemba ku MEC ndipo idagamula, thamangani nacho chigamulocho kwa loya lero aone ngati apilo ikutheka. Palinso njira yopempha Bwalo Lalikulu kuti liunike momwe MEC idagwiritsira ntchito mphamvu zake, yomwe aloya amati judicial review. Imeneyi imafuna chilolezo cha khoti poyamba, iyenera kuperekedwa mwachangu ndipo pasanathe miyezi itatu, ndipo imayang'ana kayendetsedwe ka chigamulo, osati kuwerenga kuti adapambana ndani. Woweruza akaona kuti ndi petition yochedwa yovala malaya ena, sachedwa kuitaya. Musagulitse munda chifukwa cha njira imeneyi loya asanakuuzeni mwayi wake mosabisa.

Ngati pali yemwe adaphwanya lamulo, monga kusintha manambala kapena kuvota kawiri, kanenani ku polisi. Mlandu waupandu suli m'malire a masiku 7. Za kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, zomwe lamulo la zipani la 2018 limaletsa, zimapita kwa mlembi wa zipani. Dziwani chabe kuti njira zimenezi zimalanga wolakwa, sizikupatsani mpando.

Tinasuma tsiku la nambala 5, zonse zinadindidwa. Koma wopambana uja walumbira kale ndipo akukhala nawo pa misonkhano ya khonsolo. Ndiye kuti mlandu watha?
*Mayi woyima nawo, Goliati*

Sunathe, mayi. Kulumbira sikutsuka chisankho. Iye akhala khansala mpaka khoti litanena zina, ndipo likapeza kuti sadasankhidwe moyenera, limadziwitsa MEC ndipo mpandowo umachoka m'manja mwake. Ena amathamangira chiletso choti asalumbire, koma makhoti sakonda kusiya wodi yopanda woiyimira kwa nthawi yosadziwika, ndipo ndalama za chiletsocho zikadagwira ntchito yabwino pa mlandu weniweniwo.

Ntchito yanu tsopano ndi iyi. Funsani loya ngati zikalata zidafikadi m'manja mwa MEC ndi mwa wopambanayo, ndiponso ngati umboni woti adalandira udaperekedwa ku khoti. Kusuma pa nthawi koma osapereka zikalata kwa osumiridwa kumagonetsa mlandu. Sungani lisiti ndi kope lodinda losonyeza tsiku. Mamonitala anu muziwadziwa komwe ali, chifukwa nyengo yothyola tiyi ikafika ena amalowa m'maesiteti, ena amawolokera ku Mozambique, ndipo mboni yomwe yalumbira iyenera kudzapezeka kuti ifunsidwe mafunso. Yosabwera, umboni wake umapepuka.

Ngati mukufuna kuti mavoti awerengedwenso, onetsetsani kuti pempholo lidalembedwa m'chikalata, ndipo loya apemphe msanga lamulo loti mabokosi ndi zolemba za masenta zisungidwe bwino. Pa mlandu wa mpando wa phungu wa Lilongwe City South East, pakati pa a Ulemu Msungama ndi a Bentley Namasasu, nyumba yosungira katundu wa MEC ku Lilongwe idapsa mu July 2014 mavoti asanawerengedwenso, ndipo chisankho chachibwereza chidachitika mu October 2017. Ku Nsanje North, Nsanje Central ndi Chikwawa East, zotsatira za aphungu za mu May 2019 zidafafanizidwa mu 2021. Inu lamulo lidakupatsani masiku 7, koma chigamulo chitha kutenga chaka kapena kuposa, choncho gwirizanani ndi loya polemba za malipiro a gawo lililonse la mlandu, ndipo muzifunsa tsiku lotsatira la khoti mwezi ndi mwezi.